Kompyuta ikakana kuyaka, musathamangire kufomata

Amayi anzanga, pali mawu amodzi amene ndikufuna muziwamva ndi khutu lochenjera kuyambira lero. Mawuwo ndi akuti "tiifomate." Mudzawamva tsiku limene mwana wanu adzabwere ndi laputopu yake ya kusukulu itakana kuyaka, kapena tsiku limene kompyuta ya mu ofesi ya parishi idzangoonetsa mdima pamene mlembi akufuna kutulutsa kalata ya ubatizo. Mudzakwera minibasi kupita nayo ku Limbe. Mnyamata wokonza adzadina mabatani awiri atatu, n'kupukusa mutu: "Mayi, Windows yafa iyi. Tiifomate basi." Mukavomera, pakangotha maola awiri makina adzayaka bwinobwino ngati atsopano, inu n'kulipira mokondwa. Mukadzafika kunyumba m'pamene mudzazindikire kuti zonse zimene zinali m'katimo zapita.

Zapita ntchito zonse zimene mwana analemba kuyambira chaka choyamba, pamodzi ndi kafukufuku amene amayenera kupereka mwezi wamawa. Wapita kaundula wa masheya ndi ngongole za banki nkhonde, uja msungichuma wanu anasamutsa kuchoka m'kope poganiza kuti pa kompyuta m'podalirika. Zapita zithunzi za ukwati, ndi chithunzi chimodzi chokha chija cha malemu agogo. Mnyamatayo sananame ayi, Windows inalidi itawonongeka. Chimene sanakuuzeni n'chakuti nthawi zambiri kompyuta ikakana kuyaka, zinthu zanu zimakhala zili momwemo, zosakhudzidwa n'komwe. Zili ngati nyumba imene loko wa pakhomo wavuta: mipando, ziwiya, matumba a chimanga, zonse zili m'kati. Kufomata ndi kugumula nyumbayo ndi katundu yemwe, n'kumanga ina pamalo pomwepo. Chonsecho panali njira yolowera pazenera, kutulutsa katundu kaye, kenako n'kukonza loko. Njira yake ndi kafulashi, kofanana ndi kaja ana amasungiramo nyimbo, koma kokonzedwa mwapadera kuti kazitha kuyatsa kompyuta pakokha.

Nkhaniyi siyakutali nafe kuno ku Chiradzulu. Pa Nguludi pokha pali sukulu ya anamwino ndi azamba ya St Joseph's komanso yunivesite ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo masiku ano wophunzira wopanda laputopu amavutika ngati mlimi wopanda khasu. Ndalama zogulira malaputopu amenewa tikudziwa kumene zimachokera: ku nandolo, ku tomato ndi kabichi wa pa Mbulumbuzi, ku mkaka, ku ngongole ya m'gulu imene mayi adzakhale akubweza mpaka nthawi yokolola. Ambiri ndi a kaunjika, anagwirapo kale ntchito zaka zingapo ku Ulaya kapena ku Joni asanafike pa shelefu ku Limbe. Ife amene timaphunzitsa anamwino timadziwa kuti teremu siitha popanda mtsikana wina kubwera maso ali psuu, akuti, "Madamu, laputopu yafa, zonse zinali momwemo." Funso langa loyamba limakhala lakuti, "Wapita nayo kale kokonzetsa?" Akati ayi, mtima wanga umakhala m'malo.

Ku chipatala nakonso makina amenewa analowa kalekale. Bungwe la MSF litayamba kupereka ma ARV pa chipatala cha boma cha Chiradzulu mu 2001, odwala anachuluka mofulumira moti kutsatira aliyense ndi mabuku okha kunali kovuta, ndipo makompyuta anathandiza. Chaka chomwecho, ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, a Baobab Health anayamba kuika makina aja namwino amangodina ndi chala pa sikirini, amene amatulutsa kapepala ka mizeremizere komata pa buku la kuchipatala. Makina a Baobab anamangidwa pa pulogalamu yaulere yotchedwa Linux. Dzinali lisungeni, tikumana nalonso. Koma ndinenetse pano: makompyuta a pachipatala ali ndi eni ake ophunzira ntchitoyo, ndipo palibe wa ife ayenera kulowetsamo fulashi yake. Ndikukamba za makina a kunyumba, a m'gulu ndi a ku parishi.

Chimene chimachitika mukadina batani

M'kati mwa kompyuta muli disiki, imene ili ngati nkhokwe. Ndi mmene mumakhala mafayilo anu onse, ndiponso ndi mmene mumakhala Windows, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Koma Windows siidzidzutsa yokha. Pali kapulogalamu kena kakang'ono kamene kanaikidwa ku fakitale pa bolodi ya makinawo, kotchedwa BIOS, pa makina atsopano amati UEFI. Ndiko kamayamba kudzuka. Kamayang'ana ngati ziwalo zonse zili m'malo, kenako kamapita ku disiki kukafuna timafayilo tochepa toyambitsira Windows. Kakatipeza tili bwino, Windows imadzuka, inu n'kuona sikirini yanu ya masiku onse. Kakatipeza titawonongeka, kamaima pomwepo. Apa m'pamene mumaona mawu oyera pa sikirini yakuda akuti "No bootable device" kapena "Operating system not found", mwina sikirini ya buluu, mwinanso timadontho tongozungulira tsiku lonse pafupi ndi mawu akuti "Preparing Automatic Repair".

Timafayilo timeneti timawonongeka kawirikawiri magetsi akazima pamene Windows ikudzikonza yokha, paja imalemba kuti musazimitse makina. Laputopu ya batire yabwino imapirira. Koma ya kaunjika yambiri batire inatha kalekale, imangodalira chaja, ndiye magetsi akangothima nayonso imazima nthawi yomweyo, ntchito ili pakati. Mukukumbukira mmene tinakhalira mumdima namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Nyengo ngati imeneyo ndi yoopsa kwa makompyuta. Nthawi zina ndi vayirasi, nthawi zina ndi kukalamba kwa disiki.

Tsono ubwino wa kapulogalamu kaja ka ku fakitale ndi wakuti sikasankha. Mukakauza kuti lero kasapite ku disiki koma kakafune zoyambitsira pa fulashi, kamamvera. Ngati pa fulashipo pali pulogalamu yathunthu yoyendetsera kompyuta, makina amayaka kuchokera pamenepo, osakhudza disiki ya m'kati ngakhale pang'ono. Mumaona sikirini, mumayendetsa mausi, ndipo disiki ija imaoneka ngati chikwama chimene mungatsegule n'kutengamo zanu.

Musaganize kuti iyi ndi njira ya amphawi. Pa 19 Julayi 2024, kampani ina ya ku America yoteteza makompyuta, CrowdStrike, inatumiza fayilo yolakwika kwa makasitomala ake, ndipo makina pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows anakana kuyaka tsiku limodzi. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki anaima, zipatala zina zinasintha masiku a opaleshoni. Popeza makinawo sankayaka, kunali kovuta kuwakonza kudzera pa intaneti. Chimodzi mwa zimene Microsoft inachita ndi kutulutsa pulogalamu yopangira fulashi yoyatsira, ndipo akatswiri anayenda desiki ndi desiki, fulashi ili m'manja.

Kakonzedwe kake

Azamba timauza mayi woyembekezera kuti pofika mwezi wachisanu ndi chitatu beseni, zitenje, lezala yatsopano, ulusi ndi pepala la pulasitiki zikhale zili m'chikwama, chifukwa matenda akayamba si nthawi yothamangira ku golosale. Kafulashi aka nakonso kamakonzedwa kompyuta idakali yamoyo. Ikafa, mudzafunika kubwereka ya munthu wina, kufuna netiweki, kugula bandulo, mtima uli m'mwamba, ndipo munthu wa mtima wa m'mwamba ndi amene amavomera msanga mawu aja oti tiifomate.

Choyamba ndi fulashi yeniyeni. Ya 16GB ndi yokwanira bwino, ya 8GB ndiye pothera. Apa chenjerani, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: pamsika pali mafulashi olembedwa 64GB kapena 128GB pa mtengo wokoma, koma m'kati mwake malo ndi ochepa kwambiri. Amalandira mafayilo mwaulemu ngati akusunga, tsiku lofuna kutsegula mumapeza ndi zinyalala. Gulani m'sitolo imene ingakupatseni lisiti, ndipo ngati mwana wanu amadziwako, aiyese ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamene kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati malo olembedwawo alipodi.

Chachiwiri ndi chimene mudzaikepo. Chimabwera ngati fayilo imodzi yaikulu imene dzina lake limathera ndi zilembo zakuti ISO. Pa ntchito yopulumutsa mafayilo, ine ndimakonda Linux. Inayambitsidwa mu 1991 ndi wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, ndipo lamulo lake limalola aliyense kuikopera ndi kugawira anzake popanda kulipira. Si kuba ayi. Ili ndi mitundu yambiri. Wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Koma kwa munthu wozolowera Windows ndingasankhe Linux Mint, mwana wa Ubuntu yemweyo, chifukwa maonekedwe ake sasokoneza ndipo fayilo yake ndi ya pafupifupi 3GB pamene ya Ubuntu ya masiku ano imafika cha m'ma 6GB. Kusiyana kumeneku kumamveka m'thumba pogula bandulo. Itengeni pa tsamba la eni ake, linuxmint.com kapena ubuntu.com, osati kwa mnzake wa mnzake. Ngati pali wophunzira wa m'parishi mwanu amene amapeza Wi-Fi kusukulu, mutumeni, ndipo fayilo imodziyo ikwanira magulu onse a m'parishimo.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Kungokopera fayilo ya ISO pa fulashi, monga timachitira ndi nyimbo za kwaya, sikupangitsa fulashiyo kuyatsa kompyuta. Zili ngati kuika thumba la ufa patebulo n'kuitana anthu kuti nsima yapsa. Pamafunika pulogalamu yoimasula ndi kuiyala m'njira imene BIOS ingaizindikire. Yotchuka ndi Rufus, yaulere, yaing'ono kwambiri, yopezeka pa rufus.ie. Mukaitsegula, pamwamba pamaoneka dzina la fulashi yanu. Mumadina "Select" n'kusankha fayilo ya ISO ija, kenako "Start". Ikafunsa mafunso ena, siyani yankho limene yasankha kale. Isanayambe imachenjeza kuti zonse za pa fulashiyo zifufutidwa, ndipo sikuti ikungoopseza. Choncho musanadine, chotsani mafulashi ena onse pa kompyutapo, mutsale ndi imodzi yokhayo, ndipo werengani dzina ndi kukula kwake kawiri monga timawerengera dzina la mankhwala tisanabaye jakisoni. Pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri, ntchito yatha. Pali malo amodzi olembedwa MBR kapena GPT. Pa Linux Mint siyani mmene zilili. Pokonza fulashi ya Windows m'pamene zimafunika kusamala: makina akale, opangidwa chisanafike chaka cha 2012, kawirikawiri amafuna MBR, atsopano amafuna GPT.

Pali pulogalamu ina, Ventoy, imene inatuluka mu 2020, ndipo kwa gulu limene likusamalira makompyuta angapo ndi yabwino koposa. Imaikidwa pa fulashi kamodzi kokha. Kuchokera pamenepo mafayilo a ISO mumangowakopera ngati nyimbo, atatu kapena anayi, malinga malo alipo, ndipo poyatsa imakufunsani kuti mukufuna iti. Fulashi imodzi ya 32GB ingathe kunyamula Linux Mint, Windows, ndi MemTest86+ imene imayeza ngati memore ya makina ili bwino.

Windows nayo ili ndi zake. Pa tsamba la Microsoft pali Media Creation Tool, imene imakonza yokha fulashi ya 8GB kapena kuposerapo, koma imadya bandulo yambiri. Njira yosafuna intaneti ndi iyi: pa kompyuta imene ikugwira ntchito, lembani mawu akuti "Recovery Drive" pamalo ofufuzira, lowetsani fulashi ya 16GB kapena kuposerapo, tsatirani zimene ikunena. Fulashi imeneyi imathandiza kukonza loko uja wa pakhomo. Koma dziwani kuti siisunga mafayilo anu, ndipo ina mwa njira zimene imapereka ndi yofufuta zonse. N'chifukwa chake ndimati Linux iyambe kulowa, katundu atuluke, zokonza loko zibwere pambuyo.

Tsiku la vuto

Zimitsani makina. Lowetsani fulashi. Dinani batani loyatsira, ndipo nthawi yomweyo yambani kugogoda batani limodzi mobwerezabwereza, musanaone china chilichonse. Pa Dell, Lenovo, Acer ndi Toshiba kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9, pa Asus ndi Esc. Mukachedwa, zimitsani muyambirenso, palibe chimene chawonongeka. Padzatuluka mndandanda waufupi. Sankhani pamene pali mawu akuti USB kapena dzina la fulashi yanu, dinani Enter, dikirani. Imachedwerapo kuposa masiku onse, musade nkhawa.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Ubuntu idzakufunsani kuti musankhe pakati pa "Try" ndi "Install". Linux Mint imangotseguka, koma pa sikirini pamakhala kachithunzi kolembedwa "Install Linux Mint". "Try" ndi kulowa pazenera. "Install" ndi kuitana ogumula nyumba. Pa tsiku lopulumutsa mafayilo, dzanja lisayandikire mawu akuti "Install", ndipo mukaona pena palembedwa "Erase disk", bwererani msanga. Kafulashi komweko kamene kamapulumutsa ndi kamenenso mnyamata wa ku Limbe amafomatira. Kusiyana kwake ndi batani limodzi.

Mukalowa, tsegulani pamene pamaoneka mafayilo. Kumanzere mudzaona disiki ya m'kati, nthawi zambiri yolembedwa kukula kwake. Itseguleni, pitani mu foda yotchedwa Users, kenako mu foda ya dzina la mwini kompyuta. Mmenemo muli Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures. Ana athu ambiri amaunjika zonse pa Desktop ndi mu Downloads, choncho musadumphe ziwirizi. Lowetsani fulashi yachiwiri kapena disiki yakunja, koperani. Yambani ndi zofunika kwambiri: kaundula wa ndalama, ntchito za sukulu, makalata. Mafilimu a ku Nigeria adikire. Mukamaliza, pitani ndi fulashi yachiwiriyo pa kompyuta ina, tsegulani mafayilo angapo muone ndi maso anu kuti akutsegukadi. Pamenepo m'pamene nkhani yofomata ingakambidwe.

Pali matenda ena amene kafulashi aka sikangachize. Ngati mukadina batani palibe ngakhale kanyali koyaka, vuto lili ku chaja, ku batire kapena ku bolodi, komabe disiki ikhoza kuchotsedwa n'kuwerengedwa pa makina ena. Ngati m'kati mukumveka kugogoda, tiki tiki tiki, makamaka laputopu itagwa, zimitsani msanga. Imeneyo ndi disiki yovulala, ndipo mphindi iliyonse imene ikuzungulira ikudzikanda yokha. Ngati yathiridwa tiyi kapena yanyowa ndi mvula, musaiyatse kuti muone ngati ikugwirabe. Ndipo ngati mwawerenga izi mochedwa, makina atafomatidwa kale, lekani kuwagwiritsa ntchito lero lomwe. Pulogalamu yotchedwa PhotoRec nthawi zina imatola zina mwa zimene zinafufutidwa, ngakhale zimabwera zopanda maina, zosakanikirana ngati nyemba ndi mchenga. Pa madisiki atsopano otchedwa SSD mwayi wake ndi wochepa kwambiri.

Chinanso ndi loko wa mtundu wina, wotchedwa BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano a Windows 11 amabwera disiki yake ili yokhomedwa kotero kuti Linux ikalowa siiwerenga kanthu popanda kiyi wake. Kiyiyo ndi nambala ya manambala 48, ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayatsa makinawo koyamba. Popanda nambalayi palibe katswiri amene angatsegule, ngakhale wa ku Microsoft komweko. Pa vuto lija la 2024, maofesi amene sanadziwe kumene kuli makiyi awo ndi amene anachedwa kudzuka. Funsani mwana wanu sabata ino ngati laputopu yake ili ndi BitLocker. Ngati ili nayo, alembe nambalayo papepala, inu muisunge pamodzi ndi masatifiketi ake.

Zinsinsi za anthu

Mwina mwaona kale chinthu chimene chiyenera kukudetsani nkhawa. Polowa ndi fulashi sitinafunsidwe pasiwedi. Pa makina opanda BitLocker, pasiwedi ya Windows imangotseka khomo lakumaso, wolowera pazenera siimuona. Ndiye kuti aliyense amene wasiyiridwa laputopu yanu usiku umodzi angathe kuwerenga zonse. Ganizirani zimene zili mu kompyuta ya gulu losamalira odwala kumudzi: maina a omwe akumwa mankhwala, ana amasiye, mabanja amene akuthandizidwa mwakachetechete. Ganizirani kaundula wa ngongole, woonetsa mayi amene walephera kubweza. Ife anamwino tinalumbira kusunga chinsinsi cha wodwala, ndipo timauza ophunzira athu kuti polemba za odwala amene awasamalira asaike maina enieni. Dziko lathu nalonso linakhazikitsa lamulo loteteza nkhani za anthu zosungidwa m'makina mu 2024. Kwa ine, ichi ndi chifukwa chachikulu choti gulu likhale ndi kafulashi kakekake: mafayilo otere atulutsidwe ndi munthu wa m'gulu momwemo, pamaso pa wapampando ndi mlembi, makina asanapite m'manja mwa mlendo.

Ngati kupita kokonzetsa sikungapeweke, musachite manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani mawu awa musanaike laputopu pa kauntala: "Achimwene, musafomate. Yambani mwaiyatsa ndi fulashi, mukopere mafayilo anga apa, ine ndili pompano." Tengani fulashi yanu yokoperapo. Wokonza wodziwa ntchito sadzakwiya. Ambiri ali nayo kale fulashi yoyatsira m'thumba, amangodumpha gawo lokopera chifukwa limatenga nthawi ndipo kasitomala sanapemphe. Akawonjezera mtengo pang'ono chifukwa cha nthawiyo, lipirani, ndi ntchito. Akanena kuti n'zosatheka asanayese n'komwe, nyamulani katundu wanu mupite pa shopu ina. Funsaninso kuti Windows imene akufuna kuikayo aitenga kuti. Ambiri mwa malaputopu a kaunjika ali kale ndi chilolezo cha Windows chosungidwa m'kati mwa bolodi, choncho palibe chifukwa choikira yobedwa, imene nthawi zina imabwera ndi mavayirasi ake.

Makina okalamba a ku parishi

Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa masiku onse. Makina ake akuyakabe, koma mabowo atsopano amene akuba a pa intaneti akupeza sakutsekedwanso kwa amene sanalembetse mwapadera. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi makina opangidwa cha m'ma 2018 kupita m'tsogolo, ndiye makompyuta ambiri amene maparishi ndi masukulu athu analandira ngati mphatso sangailandire. Ena adzakuuzani kuti atayidwe. Ine sindikuvomereza. Kompyuta imene ntchito yake ndi kulemba makalata, mapulogalamu a misonkhano ndi ndondomeko ya ndalama ingathe kugwira zaka zina zingapo ndi Linux Mint, imene imabwera ndi LibreOffice yotsegula mafayilo a Word ndi Excel. Apa ndiye batani lija la "Install" limagwira ntchito yake yoyenera, mafayilo atakoperedwa kale pawiri.

Koma yambani mwalawa. Yatsani ndi fulashi osaika kanthu, muone ngati pulinta ya mu ofesi ikusindikiza, ngati Wi-Fi ikugwira, ngati makalata akale akutseguka osasokonekera mizere. Ngati parishi imagwiritsa ntchito pulogalamu yapadera yowerengetsera ndalama imene inapangidwira Windows yokha, musasinthe musanakambirane ndi amene amayang'anira za chuma. Ndipo mlembi amene adzakhale pa makinawo tsiku ndi tsiku afunsidwe maganizo, si bwino kuti adzangopeza Lolemba m'mawa zonse zasintha.

Kafulashi koyatsira kasayende. Kasapite kosindikizitsa mapepala pa Boma kapena pa Namitambo, chifukwa makompyuta a m'malo otero amalandira mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, ndipo ndi mmene kamafalikira kavayirasi kaja kamene kamabisa mafayilo n'kusiya timivi tokhatokha. Kamatireni kapepala kolembedwa kuti "Yoyatsira, osaikamo nyimbo," kaikeni mu envelopu, ndipo pa envelopupo lembani batani la kompyuta iliyonse: ya ku ofesi F9, ya msungichuma F12. Kayeseni tsiku lomwe kakonzedwa, pa makina onse amene kadzawatumikire, ndipo kayeseninso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pakuti fulashi nayo imafa ili chigonere m'kabati.

Fulashi yachiwiri, ija yokoperapo, isadikire tsiku la vuto. Msungichuma azikoperapo kaundula pakutha pa msonkhano uliwonse wogawana kapena wobweza ngongole, ndipo isamagone nyumba imodzi ndi laputopu. Amene munaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'boma lino mu Malichi 2023 mukudziwa kuti madzi akalowa m'nyumba satenga chinthu chimodzi n'kusiya chinzake. Laputopu ikakhala kwa msungichuma, fulashi ikhale kwa mlembi, makamaka ngati amakhala tsidya lina la mtsinje.